Kuoloka pakati pa Likoma ndi Chizumulu pa Ilala: konzani zobwerera musananyamuke

Abale anga, amene mukufuna kuoloka kuchoka ku Likoma kupita ku Chizumulu kapena kuchoka ku Chizumulu kubwera ku Likoma, kaya ndi ku maliro, kaya mwatumidwa ndi kuntchito, kaya mukungofuna kukaona malo, tamverani kaye izi musanamange chikwama. Zilumba ziwirizi zayandikana zedi, pakati pake pali makilomita ongopitirira pang'ono 10, moti ukaima kugombe la kuzambwe kwa Likoma dzuwa likamalowa Chizumulu umachiona bwinobwino ndi mapiri ake awiri aja. Nde alendo ambiri amanyengedwa ndi zimenezo, amati ndipita mmawa ndibwerako madzulo. Ayi ndithu, pakati pajapo ndi nyanja yakuya yotseguka, ndipo sitima simadutsapo tsiku lililonse.

Choyamba kwenikweni mumvetse mmene sitima ya Ilala imayendera pa sabata, chifukwa zonse zagona pamenepo. Sitimayi imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu kulowera kumpoto, imaima ku Nkhotakota, kenako imadula nyanja kufika ku Likoma Loweruka. Ikatsitsa ndi kukweza ku Likoma ndi pamene imapita ku Chizumulu, kuchoka apo Nkhata Bay, kenako Usisya, Ruarwe mpakana Chilumba. Pobwerera imanyamuka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, imayamba kuima pa Chizumulu pakati pa usiku, ku Likoma imafika Lachiwiri kusanache kapena kukucha kumene. Tanthauzo lake ndi lakuti pa Ilala, njira ya Likoma kupita Chizumulu ndi ya Loweruka, njira ya Chizumulu kupita Likoma ndi ya usiku wa Lolemba kuchera Lachiwiri, basi. Amene akuchokera ku Likoma ali ndi mwayi, amafika Loweruka usiku, nkukhala Lamulungu ndi Lolemba lonse pa Chizumulu, usiku wake nkukwera yobwerera. Koma wa ku Chizumulu akapita ku Likoma Lachiwiri ayenera kudikira mpaka Loweruka, nde ngati mwangopitira kukasainitsa kapepala kamodzi ku maofesi a boma muganiziretu kuti masiku enawo mugona kuti, mudya chani, apo ayi mubwerera pa boti laling'ono.

Chachiwiri, musakhulupirire ndandanda ya nthawi yomwe mwaiona pa intaneti kapena imene munauzidwa chaka chatha. Masiku aja nthawi zambiri amakhala omwewo koma maola amasuntha kwambiri, sitima ikachedwa kukweza katundu ku Nkhotakota kapena ikakumana ndi mphepo usiku ndiye kuti paliponse kutsogoloku ifika mochedwa. Komanso Ilala ndi yakale, inapangidwa ku Glasgow ku Scotland mu 1949, anaibweretsa zidutswazidutswa nkudzailumikiza ku Monkey Bay, inayamba kuyenda panyanja yathuyi mu 1951. Chombo cha zaka zoposa 70 chimafuna kukonzedwa pafupipafupi, ndipo ikalowa mu sevisi imatha masabata osayenda, nthawi ngati zimenezo mmalo mwake mumabwera sitima ya Chilembwe yomwe ndi yocheperapo. Nde kutatsala masiku awiri imbani foni ku ofesi ya sitima ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay mufunse ngati sabata imeneyo ikuyenda, mufunsenso mtengo wa tikiti pompo chifukwa mitengo imasintha mafuta akakwera. Tsiku lenilenilo funsani anthu a padoko, iwowo amaimbirana ndi abale awo amene ali mkati mwa sitima ndipo amadziwa kuti yafika pati kuposa wina aliyense. Mukamva kuti yanyamuka ku Nkhotakota nthawi yakuti, mukhoza kuwerengera nokha.

Ndisanaiwale, nkhani ya pasipoti. Ambiri amafunsa poti zilumbazi zazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique, ndipo ukakhala pa Mbamba, padoko la ku Likoma, tauni ya Cobue ya ku Mozambique umaiona tsidya linalo. Likoma ndi Chizumulu ndi Malawi, ndi boma limodzi la chigawo cha kumpoto, simufunika pasipoti kuoloka pakati pa ziwirizi. Ingotengani chiphaso chanu cha unzika, chisungeni pouma.

Tsopano kamangidwe ka katundu, apa ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu amalira. Muganize kuti chilichonse chimene mwanyamula chikhoza kunyowa. Foni, ndalama, ziphaso, mabuku a kuchipatala, masatifiketi ngati mukupita kokafunsira ntchito, zonsezi ikani mu jumbo, mangani, ikaninso mu jumbo ina, ndipo zikhale mkachikwama kakang'ono kamene kali pathupi panu osati mchikwama chachikulu chomwe chiziponyedwa kuchoka mmanja mwa uyu kupita mmanja mwa uyo. Chikwama chabwino ndi chobereka kumsana kuti manja onse awiri akhale opanda kanthu pokwera makwerero. Sutikesi ya matayala ija isiyeni, pamchenga simayenda ndipo mboti imangodya malo. Ngati muli ndi matumba a ufa, shuga, simenti kapena makatoni, lembani dzina lanu ndi kumene akupita ndi maka yaikulu mbali ziwiri, chifukwa matumba amafanana ndipo potsitsa kumakhala mdima. Ufa ndi simenti kutirani pulasitiki, madzi a pansi pa boti sasankha. Katundu wamkulu amalipiridwa payekha kupatula tikiti yanu, nde risiti yake sungani mpaka mwatsika.

Zovala: kabudula kapena thalauza yopindika mpaka mmaondo, amayi chitenje chomangika bwino, kumapazi masilipasi kapena nsapato za pulasitiki zomanga kumbuyo. Nsapato zanu zabwino zikhale mchikwama mukavale mukafika. Tengani juzi kapena jekete olo kukhale kotentha masana, panyanja usiku mphepo imalowa mpaka mmafupa makamaka June ndi July. Tochi ndi yofunika kwambiri, ya pamutu ija ndiye yabwino, musadalire tochi ya pafoni chifukwa foni mmanja pamwamba pa madzi usiku imagwa kamodzi kokha. Tchajani foni ndi pawa banki muli kumtunda. Ndalama tengani kashi, zosinthasintha, ma K500 ndi ma K1,000, poti anyamata onyamula katundu ndi eni maboti ang'ono sakhala ndi chenji, komanso pa Chizumulu ma ejenti a ndalama za pafoni alipo koma nthawi zina ndalama zimawathera makamaka tsiku la sitima pamene aliyense akufuna kutapa.

Tsiku la ulendo fikani padoko msanga. Ku Likoma sitima imaima ku Mbamba, mbali ya kuvuma yoyang'anana ndi Mozambique, kumunsi kwa tchalitchi chachikulu cha St Peter's chija, nde ngati mukuchokera kutali ngati ku Makulawe kapena ku Nkhwazi pezani njinga yamoto nthawi ikadalipo, chifukwa hutala ikangolira aliyense amafuna njinga nthawi imodzi. Hutala ya Ilala imamveka kutali, ikamafika imalira ikamanyamukanso imalira, koma musadikire kuimva muli kunyumba. Idyani kaye chakudya chopepuka, lowani kuchimbudzi muli kumtunda, gulani madzi akumwa. Ku Likoma zinthu zinapepukako chimangidwireni jete, kale anthu ankachita kuyenda mmadzi mpaka mchiuno ndi katundu pamutu kuti akafike pa boti lowatengera ku sitima. Koma ku Chizumulu sitima imaponyabe nangula patali ndi gombe, nde kukwera ndi kutsika kumadalira maboti.

Apa nde pamene pali ulendo weniweni, kuchoka pagombe kufika pa sitima. Ilala ili ndi maboti ake awiri a injini amene amatsitsidwa mmbali nkumapita kumtunda kukatenga anthu ndi katundu, kupita kubwera, kupita kubwera, mpaka onse atha. Palinso maboti a anthu a pachilumba amene amanyamula anthu pa ndalama yochepa. Vuto ndi loti boti loyamba aliyense amalifuna, anthu amakankhana, ena amalumphiramo lisanaime, katundu amaunjikidwa mpaka mlomo wa boti kutsala pang'ono kukhudza madzi. Chonde abale, musalimbirane boti loyamba. Sitima siinyamuka anthu ndi katundu ali pagombe, imakhala pamenepo nthawi yaitali ikutsitsa ndi kukweza, nde imani pambali, lolani a changu apite, inu mukwere lachitatu kapena lachinayi lomwe limakhala ndi mpata. Mukaona boti ladzaza kale koma akukuitanani kuti bwerani malo alipo, kanani, palibe manyazi pamenepo. Ngati mmenemo muli ma laifi jaketi valani ndipo mumange zingwe zake, osangoikoleka mkhosi.

Mukalowa mboti khalani pansi pomwe akuuzani, pakati, osati pamlomo, ndipo musaimirire mpaka lagunda sitima nkumangidwa. Ngozi zambiri za maboti ang'ono zimachitika anthu akaimirira onse nthawi imodzi nkupendekera mbali imodzi pofuna kuyamba kutuluka. Pokwera sitima pali kamakwerero kachitsulo pakhomo la mmbali, boti limakwera nkutsika ndi mafunde pomwe sitima ili phee, nde musapupulume, yang'anani funde likamakweza boti mmwamba ndi pamene mugwire ndi manja onse awiri nkuponda, amalinyero amakhala pakhomopo akukokani. Zala musaziike pamlomo wa boti mbali yomwe yagundana ndi sitima, zimaphwanyika. Katundu apatsireni kaye kapena atsale akupatsireni mutakwera, osakwera naye mmanja.

Ngati muli ndi ana gwirizanani musanafike pamadzi kuti ndani akwere koyamba. Wamkulu mmodzi akwere, alandire ana mmodzimmodzi, wina atsalire mboti mpaka mwana womaliza wadutsa. Khanda likhale kumsana lomangidwa ndi zitenje ziwiri, mayi manja ali opanda kanthu. Agogo ndi odwala, uzani amalinyero poyambirira, amathandiza, ndipo anthu a kunyanja ambiri ukawapempha mwaulemu kuti tithandizeni ndi amayiwa amapereka mpata. Odwala ochoka ku Chizumulu kupita ku chipatala cha St Peter's ku Likoma ndi ambiri ndithu amene amadutsa njira imeneyi usiku, nde inu amene muli ndi mphamvu mukaona wodwala musamupanikize.

Mukakwera nkhani ya tikiti. Mu Ilala muli magawo, pansi penipeni ndi ekonome komwe kumakhala anthu ambiri pamodzi ndi matumba a usipa, chinangwa, nkhuku ndi katundu wa mashopu, kenako sekondi kalasi ya mipando yabwinoko, pamwamba ndi fesiti kalasi pa deki yotseguka pomwe pali bala, ndiye palinso makabini ogona. Kwa ulendo wa Likoma ndi Chizumulu wokha kabini ndi kungotaya ndalama, kuyenda kwenikweniko ndi ola limodzi ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, poti sitima imayamba yazungulira Likoma kuchoka mbali ya kuvuma isanalunjike ku Chizumulu. Ine ndimaona kuti ngati thumba likulola deki ya pamwamba ndi yabwino kwa munthu amene sanazolowere nyanja, kuli mpweya, pomwe pansi kumatentha ndipo fungo la nsomba likasakanikirana ndi la dizilo mtima umachita nseru msanga. Koma ngati ndalama ndi yochepa ekonome ilibe vuto paulendo waufupi chonchi, ingopezani malo pafupi ndi potulukira mpweya, khalani pa chikwama chanu. Tikiti gulani kwa wogulitsa matikiti weniweni, nenani bwino kumene mukutsikira, ndipo isungeni chifukwa amaiona mkati komanso potsika.

Amene mumachita chizungulire, imwani mankhwala oletsa kusanza musanakwere osati mutayamba kale kumva nseru. Musamayang'ane pafoni, yang'anani kutali kumene kuli magetsi a pachilumba kapena mapiri, ndipo mowa usiyeni kaye mpaka mutatsika, poti kutsogoloku kukudikira makwerero aja ndi boti mumdima.

Musagone tulo tofa nato. Izi ndikunena makamaka kwa a Loweruka, mukapitirira Chizumulu muli mtulo mukadzukira ku Nkhata Bay, ndipo kubwerera kwake ndi Lolemba usiku. Uzani oyandikana nawo kuti ine ndikutsika pa Chizumulu, anthu amadzutsana. Mukamva injini yachepetsa mphamvu ndi unyolo wa nangula ukulira sonkhanitsani katundu, muwerenge, koma osathamangira pakhomo, pamakhala mpanipani wa otsika ndi okwera nthawi imodzi. Potsika chitani zomwe zija mobwerera, yang'anani kumakwerero osati kumadzi, tsikani chafutambuyo, pondani mboti funde likalikweza. Boti likafika kugombe nthawi zambiri silifika pouma, mutsikira mmadzi a mmaondo, pansi pali miyala ina yoterera nde tochi ija igwire ntchito apa.

Konzanitu woti akuchingamireni. Chizumulu ndi kachilumba kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 3 pomwe Likoma ndi 18, kulibe misewu ya magalimoto yoti mungaitane takisi, kuyenda kwake ndi wapansi mtinjira todutsa mminda ya chinangwa ndi pansi pa milambe. Kuchoka ku mudzi wa Same kupita ku mudzi wa Chiteko masana ndi kosavuta koma usiku ndi katundu pamutu mlendo asochera. Malo ogona alendo alipo ochepa, imbiranitu. Mukafika kwa eni ake mudzadya kondowole ndi usipa kapena utaka wa tsiku lomwelo, ndipo mudzamva Chitonga chikusakanikirana ndi Chinyanja cha kunyanja, koma Chichewa chanu adzakumvani bwinobwino.

Nanga ngati simungadikire sitima? Maboti a matabwa a injini, ena a thanga, amaoloka pakati pa zilumbazi nyanja ikakhala bata, ndipo anthu a konkuno amayenda nawo masiku onse. Sindikuletsani koma muchite mwanzeru. Nyamukani mmamawa kwambiri, mphepo nthawi zambiri imakula dzuwa likakwera. Funsani asodzi achikulire pagombe kuti nyanja lero ili bwanji, osati mwini boti yekha amene akufuna ndalama yanu. Onani ndi maso anu kuti muli mafuta okwanira ndi ena apadera mchigubu, muli nkhafi zopalasira injini ikazima, muli chotungira madzi, muli ma laifi jaketi. Boti la injini imodzi lopanda nkhafi likazima pakati mphepo imalikankha kulowera kumene ikufuna. Uzani wina kumtunda nthawi imene mwanyamuka ndi dzina la boti, ndipo mukafika muimbireni. Usiku pa boti laling'ono musaoloke, olo mwini wake anene kuti njira amaidziwa.

Mphepo muzidziwe ndi nyengo zake. Mwera umachokera kummwera, umaomba kuyambira cha mu May mpaka August kapena September, ndipo ukakwiya umatha masiku angapo osaleka, mafunde ake amakula ngati nyumba moti asodzi amakokera mabwato kumtunda nkukhala pansi. Mpoto umabwera nthawi ya dzinja pamodzi ndi mvula ya mabingu, woipa wake ndi woti umadzidzimutsa, kumwamba kuda mbali imodzi kenako nyanja yatembenuka. Mwera si wocheza nawo ngakhale kwa zombo zazikulu, sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946 kufupi ndi Chitimba ili paulendo wake wachinayi wokha, anthu 145 anatsikira mmadzi momwemo. Nde mukamva kuti a zanyengo achenjeza za mwera panyanja, kapena mwaona kuti asodzi sanapite kokoka usiku wathawo, boti laling'ono lisiyeni, dikirani sitima. Miyezi ya October ndi November mmawa nyanja imakonda kukhala bata, ngati ulendo wanu ndi wongocheza sankhani nthawi imeneyo, kungoti kumatentha.

Pobwerera Lolemba usiku kuchoka ku Chizumulu, gonani masana. Cha mma 8 koloko usiku imbirani munthu wa ku Nkhata Bay kapena funsani pagombe ngati sitima yanyamuka, ikanyamuka kumeneko imatenga maola atatu kapena anayi kuti ifike. Pitani kugombe ndi chitenje kapena bulangete chofunda, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi kachakudya, poti mukhoza kudikira mpaka mbandakucha. Anthu amayala pamchenga nkumagona pafupi ndi katundu wawo, inunso khalani pagulu pomwepo osati kwanokha kumdima. Magetsi a sitima amaonekera kutali isanalize hutala, mukawaona pindani zofunda, valani masilipasi, foni ibwerere mu jumbo. Sitima yochokera ku Nkhata Bay imabwera yodzaza kwambiri ndi katundu wa mashopu a pazilumba zonse ziwiri, nde kutsitsa kumatenga nthawi ndipo okwera amayamba adikira otsika athe. Mukafika ku Likoma kukadali mdima ndipo kwanu ndi kutali, khalani kaye padoko mpaka kuyere, njinga zamoto zimayamba kupezeka kukangocha.